Mmene ndinadulira mwendo wa mphwanga

Mphwanga anagwa mumtengo wa mango mu December, sukulu zitangotsekera. Ali ndi zaka 9, ndipo monga ana onse a msinkhu umenewo amakhulupirira kuti bango lokoma ndi lomwe lili kunsonga. Nthambi inathyoka, mwendo wakumanzere nawonso unathyoka. Kuchipatala anamumanga chikhakha kuyambira kuphazi mpaka pansi pa bondo, n'kumuuza kuti abwerenso pakatha masabata 6.

Kwa mwana amene sadziwa kukhala pansi, masabata 6 ndi ukaidi. Anzake anabwera masiku atatu oyamba, kenako mpira unawaitana. Ine malume wake, amene mapepala anga akusukulu akungodya fumbi m'sutikesi, ndinalibe ndalama yomugulira kalikonse. Chomwe ndinali nacho ndi foni yakale yong'aluka galasi. Ndinaikamo My Boy!, kapulogalamu kosandutsa foni ya Android kukhala Game Boy Advance, n'kumuikira Pokémon FireRed, gemu ya mu 2004. Za komwe ndinaipeza gemuyo tisakambe lero.

Sabata yachiwiri ndinamupeza ali chigonere pamphasa, mwendo uli papilo, akuyendetsa kamnyamata ka chipewa chofiira m'maudzu.

"Ankolo, kamwana aka kakuyenda m'malo mwa ine eti?"

"Eya."

"Nanga bwanji si ineyo?"

Ine pakamwa pamathamanga kuposa mutu. "Ndikuikamo iweyo. Zimenezo n'zosavuta."

Achemwali anali pakhonde akusankha nyemba. Sanadzutse n'komwe mutu. "Achimwene, mwanayu njinga ija akuidikirabe. Ku Kamuzu Stadium munati mupita naye kuja, akudikirabe. Ngati simungathe musamunamize. Panopa alibe kothawira."

Mawuwo anandibaya chifukwa munalibe bodza. Ndinalumbira mumtima kuti ulendo uno sindinama.

Kwa amene simunasewerepo ndi zinthu izi: gemu yonse imakhala mu fayilo imodzi yomwe amati ROM. Mkatimo muli tizithunzi ta anthu, nyama ndi katundu, tomwe timayenda pamwamba pa malo a mu gemu. Tizithunzi timeneti ndi tomwe amati ma sprite. Kupanga mod n'kutsegula fayiloyo, kuchotsa chithunzi cha eni ake, n'kuikapo chako. Ndinali nditaonerapo mavidiyo awiri pa YouTube, ndiye ndinkadziona ngati katswiri.

Ndinamuuza mphwanga kuti adzijambule yekha papepala. Anajambula ndi machekeni: malaya ofiira, kabudula wabuluu, tsitsi lakuda bii, kumwetulira mpaka m'makutu. Chikhakha anangochizunguliza ndi pensulo mopepuka, osachipaka kalikonse, poti pepalalo linali loyera kale. Kumunsi kwake anajambula tizala titatu tosuzumira. Ine ndimakhala kutali nawo, minibasi ziwiri, ndiye achemwali anangojambula pepalalo ndi foni n'kunditumizira pa WhatsApp.

Ndinayamba ndi chithunzi chachikulu, chomwe chimaoneka pa Trainer Card, khadi lija losonyeza dzina lako, ndalama zako ndi mabaji omwe wawina. Ndati chachikulu, koma ndi timadontho 64 m'litali, 64 m'lifupi. Timadontho timeneti ndi tomwe amati ma pixel, ndipo sikirini yonse ya Game Boy Advance ili ndi 240 kwa 160 basi. Ndinatsegula GIMP pa laputopu, ndinachepetsa chithunzicho, ndinachiuza kuti chikhale ndi mitundu 16 yokha monga gemu imafunira, n'kuchilowetsa mu ROM ndi kapulogalamu kakale kotchedwa unLZ-GBA. Kenako ndinayatsa gemu mu mGBA, mtima uli dididi.

Zomwe ndinaona, abale. Mphwanga anaima m'bokosi loyera ngati chithunzi chapachiphaso, bokosilo litaphimba mbali ya khadi. Ndipo analibe tsitsi. Pamutu panali poonekera, mizere yonse yakuda yasowa. Chomwe ndinkafuna chichoke chinatsala, chomwe ndinkafuna chitsale chinachoka.

Panapita usiku wathunthu ndisanamvetse kuti vuto linali m'mutu mwanga. Ife tinazolowera pepala. Papepala, pomwe sunalembepo ndi poyera, ndiye timaganiza kuti kuyera n'kupanda kanthu. Kwa kompyuta kuyera ndi mtundu ngati ina yonse. Kadontho koyera kali ndi manambala ake, 255, 255, 255, ndipo kompyuta imakajambula mokhulupirika ngati mmene imajambulira kofiira. Kuti malo ena asajambulidwe, kuti zakumbuyo zionekere, pamafunika kuiuza mwapadera. Kumeneko ndiye kuja amati transparency.

Mafayilo a zithunzi amasiyana pa nkhani imeneyi. JPEG, yomwe inabwera mu 1992 ndipo ndi imene makamera a mafoni ambiri amatulutsa, ilibe malo osungira uthenga woterewu. Kadontho kalikonse kayenera kukhala ndi mtundu, basi. PNG, ya mu 1996, imatha kusunga nambala yachinayi pa kadontho kalikonse, yotchedwa alpha: 0 ndiye kuti kadonthoko sikaoneka, 255 kaoneka kwathunthu, zapakatipa kaoneka pang'ono ngati ukuyang'ana kudzera pa neti ya udzudzu. Nzeru ya alpha imeneyi anaiyambitsa Ed Catmull ndi Alvy Ray Smith m'zaka za m'ma 1970, anthu omwe pambuyo pake anadzakhala m'gulu loyambitsa Pixar.

Koma Game Boy Advance ndi kachipangizo ka mu 2001, kosauka malo, ndipo ili ndi njira yake. Ganizirani minibasi ya mipando 16. Sprite iliyonse imapatsidwa minibasi imodzi, ndipo pampando uliwonse pamakhala mtundu umodzi. Mndandanda umenewu ndi womwe amati palette. Kadontho sikasunga mtundu, kamangosunga nambala ya mpando, kuyambira 0 mpaka 15. Lamulo lake ndi limodzi: wokhala pampando 0 sajambulidwa. Kaya ndi wakuda, kaya wofiira, kaya wobiriwira, gemu siyang'ana nkhope, imayang'ana mpando. Ndiye mitundu yogwiritsa ntchito ndi 15, woyambawo ndi wa zakumbuyo.

Nditatsegula palette ya chithunzi changa ndinapeza kuti pampando 0 pakhala wakuda. Woyera anali kumbuyo uko, akuoneka bwinobwino. N'chifukwa chake mwana anameta mpala, pepala n'kutsala. Mu GIMP muli kachida kotchedwa Rearrange Colormap, pansi pa Colors kenako Map, komwe umangokoka mtundu n'kuusamutsa mpando. Ndinakoka woyera n'kumuika kutsogolo.

Apa mpamene ndinalakwa zenizeni. Linali Lachisanu usiku, magetsi atazima, batire ya laputopu ili pa 7 peresenti. Ndinayatsa gemu mwachangu, ndinaona bokosi lachoka, ndinaona tsitsi labwerera, ndinakuwa ndekha m'chipinda, n'kukopera fayilo pa memori khadi laputopu isanafe. Maso anga anathera kumutu, chifukwa kumutu ndiko kunali vuto dzulo lake. Kumunsi sindinayang'ane.

Loweruka m'mawa ndinafika kwa achemwali ndikuyenda ngati ndawina tenda. Ndinaika fayilo mufoni ndi dzina lomwe lija kuti zomwe anasewera kale zisatayike, poti anali atawina kale baji ya Brock ndi ya Misty. Ndinamupatsa. "Dina Start, kenako dina dzina lako."

Anadina. Anamwetulira kaye. Kenako kumwetulirako kunazima pang'onopang'ono.

"Ankolo, mwendo wanga uli kuti?"

Ndinalanda foni. Mwendo wakumanzere unathera pabondo. Pomwe panayenera kukhala chikhakha panali kuonekera khadi. Pansi pake tizala titatu tinali lende m'malere, tosalumikizana ndi kanthu. Chikhakha chinali choyera, pepala linali loyera, ndipo GIMP inaziika zonse pampando umodzi. Kamzere kapensulo kaja kanasungunuka pochepetsa chithunzi. Nditauza gemu kuti woyera asaoneke, inamvera. Inachotsa pepala, inachotsa mano, inachotsa zoyera za m'maso, inachotsa ndi mwendo womwe.

Ndinayamba kuseka, kufuna kuti nayenso aseke. Sanaseke. Anatembenukira kukhoma n'kunena kuti ali ndi tulo. Inali 9 koloko m'mawa.

Achemwali anandiitanira kuseri kwa nyumba. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandiuza kuti sabata imeneyo mkati mwa chikhakha munayamba kuyabwa, ndipo mwana wina wapafupi anamuuza kuti kuyabwako ndiye kuti mwendo ukuwola, akapita kuchipatala akaudula. Masiku atatu mwanayo ankadzuka usiku n'kumagwiragwira zala zake kuti aone ngati zilipo. Iwo anamulimbitsa mtima, a nesi oyandikana nawo anamuonanso n'kunena kuti zili bwino, ndipo anali atayamba kuiwala.

"Ndiye inu mwamubweretsera chithunzi chake," anatero.

Ndinafuna kufotokoza za mpando 0. Ndinatseka pakamwa. Mwana wa zaka 9 sangatonthozedwe ndi palette. Ndinangotenga memori khadi n'kukwera minibasi.

Masiku anayi otsatirawo ndinaphunzira zomwe mavidiyo awiri aja sanandiuze. Ndizilemba apa mwina zingapulumutse mwendo wa wina.

Choyamba, zakumbuyo uzipatse mtundu womwe mulibe m'chithunzi chako. Opanga ma sprite ambiri amakonda pinki wothobwa m'maso uja, 255, 0, 255, chifukwa palibe munthu, malaya kapena mtengo wamtundu umenewo. Gemu ilibe nazo ntchito kuti ndi pinki. Pinkiyo ndi wothandiza iweyo ndi pulogalamu yako, kuti pepala ndi chikhakha zisakhalenso pampando umodzi. Ndinatenga chida cha ndowa kuti ndithire pinki kunja kokha, koma penti inalowerera mpaka m'chikhakha, chifukwa panalibe mpanda. Ndinajambula mzere wakuda kuzungulira mwendo, ndinathiranso, inalowanso. Nditakulitsa ndinapeza kampata ka kadontho kamodzi pachidendene. Kadontho kamodzi kokha. Nditatseka, pinki inaima pakhomo.

Chachiwiri, pinkiyo inaulula nyansi zomwe poyera sizinkaoneka. Kuzungulira thupi lonse panali timadontho totuwa, ngati mwana wachokera kuchigayo. Chimachitika n'choti pomwe khungu likukumana ndi pepala, kamera komanso pulogalamu yochepetsa chithunzi zimasakaniza mitundu iwiriyo kuti m'mphepete musaoneke mano a sowo. Kadontho ka m'malire kamakhala theka khungu, theka pepala. JPEG nayo imawonjezera litsiro lake, poti pochepetsa kulemera kwa fayilo imasintha mitundu pang'onopang'ono, makamaka pafupi ndi mizere. Ukachotsa pepala, timadontho tosakanizikati timatsala, tikadali ndi kuyera kwa pepala lija. Pa munthu wakuda ngati mphwanga timachita kuwala. Komanso tinali titadya mipando: mwa 15 ija, isanu ndi umodzi inali ya mitundu yotuwa yopanda ntchito, pomwe khungu linali ndi iwiri yokha.

Chachitatu, ndinayesa njira yachidule. Pa intaneti pali masamba ndi ma app ochotsa zakumbuyo kwa chithunzi, aja timapangira ma sticker. Ndinawononga bandulo, ndipo anandipatsadi PNG yooneka yaukhondo. Koma ukhondo wake unali wa alpha yapakatikati: m'mphepete monse munali timadontho tooneka theka. Pa sticker zimenezo n'zokongola. Pa sprite ya Game Boy Advance kadontho kalikonse kali ndi mayankho awiri okha, kalipo kapena palibe. Mu GIMP muli Threshold Alpha, yomwe imakakamiza kadontho kalikonse kusankha mbali, koma pa chithunzi chaching'ono chonchi inkadya makutu ndi zala.

Ndisaiwale za chipewa. Ndinafuna kumuveka kapu, ndiye ndinasaka chithunzi cha kapu cholembedwa kuti transparent PNG. Chinabwera ndi timabokosi toyera ndi totuwa tija, tokhala ngati bolodi ya drafuti, tomwe mapulogalamu amaonetsa pomwe palibe kanthu. Nditachiika pamwamba pa mutu wa mwana, timabokosito tinabwera nawo. Wina anachita kutijambula m'chithunzimo. Mukafuna kudziwa chenicheni, chiikeni pamwamba pa mtundu wina. Chikabwera ndi drafuti yake, n'chabodza.

Lolemba usiku ndinavomereza kuti njira yachidule kulibe. Ndinaika chojambula cha mphwanga pansi ngati chongoonera, ndinatsegula layer yatsopano pamwamba, ndinakulitsa mpaka kadontho kalikonse kanakhala ngati njerwa, n'kuyamba kumanga. Ndinagwiritsa ntchito Pencil, osati Paintbrush, chifukwa Paintbrush imafewetsa m'mphepete n'kubweretsanso ufa uja. Pofuna kusintha kukula ndinkaika Interpolation pa None kuti pasakhale kusakaniza. Posandutsa kukhala mitundu 16 ndinazimitsa dithering, yomwe imawaza timadontho ngati mchenga. Mipando ndinagawa ndekha: itatu ya khungu, iwiri ya tsitsi ndi mizere, itatu ya malaya, iwiri ya kabudula, iwiri ya silipasi ya mwendo wabwino, itatu ya chikhakha. Pinki kutsogolo. Kapu ndinaisiya.

Bwalo la 64 kwa 64 lili ndi timadontho 4,096. Ambiri ndi a pinki, koma otsalawo ndinawaika kamodzikamodzi. Pa chikhakha ndi pomwe ndinakhalitsa. Ndinachipatsa mzere wakuda wosaduka, mthunzi wotuwa mbali imodzi kuti chioneke kuti mkati muli mwendo wonenepa bwino, ndipo zala ndinazilumikiza ndi chikhakhacho popanda kampata ngakhale kamodzi.

Lachiwiri ndinatsala pang'ono kuwononganso zonse. Poopa kuti laputopu ingafe, ndinadzitumizira PNG ija pa WhatsApp ngati chithunzi wamba. Inafika ili JPEG, pinki itasanduka mitundu yambirimbiri yofananako, m'mphepete mutadetsedwanso. Mwamwayi yeniyeni inalipo. Mukamatumizirana ma sprite, tumizani ngati Document, ndipo fayilo idzafika mmene inachokera.

Ulendo uno sindinathamange. Ndinaika sprite pamwamba pa mtundu wakuda, kenako woyera, kenako wobiriwira, chifukwa litsiro lobisala pa umodzi limaonekera pa unzake. Kenako ndinayang'ana kuyambira kuphazi kukwera kumutu. Ndikaganiza za Lachisanu lija, sindinganamizire magetsi. Batire ya 7 peresenti imakwana kuyang'ana miyendo iwiri. Ndinayang'ana pomwe ndinkafuna kuyamikiridwa basi. Kompyuta sidziwa kuti uyu ndi mwana, ili ndi pepala. Woti aiuze ndi munthu amene akumudziwa mwanayo, ndipo munthuyo ndinali ine.

Nditatsala ndi mphamvu pang'ono ndinakonzanso tizithunzi tating'ono ta 16 kwa 32, tomwe timayenda m'maudzu. Kumeneko mwendo wonse ndi timadontho towerengeka, ndiye chikhakha chinangokhala kachigamba koyera. Koma chinalipo.

Lachitatu madzulo ndinabwerera. Anandilandira mwaulemu wa mwana amene sakukukhulupirira. Ndinamupatsa foni osanena kanthu. Anadina Start, anadina dzina lake, n'kuyandikitsa foni pamphuno. Sanayang'ane nkhope. Anayang'ana pansi, nthawi yaitali.

"Zala zanga zilipo ziwiri zokha."

"Malo anachepa. Zinazo zabisala kuseri."

Anaganiza kaye, n'kuvomera ndi mutu. Anatseka khadi n'kuyamba kuyenda m'maudzu. Anapita kumanzere, anabwerera kumanja, anapitanso kumanzere. Kenako anaphulika kuseka, kuseka kwenikweni kuja komwe ndinali ndisanakumve chigwereni mumtengo.

"Amayi, bwerani muone! Chikhakha chikusamuka mwendo!"

Zinali zoona. Pofuna kusunga malo, gemuyi ilibe zithunzi za munthu woyenda kumanja. Imangotenga za kumanzere n'kuzitembenuza ngati pagalasi. Ndiye akatembenuka, chikhakha chinkaoneka ngati chadumphira mwendo winawo. Ndinayamba kupepesa, koma iye anali atapeza kale masewera atsopano: kumanzere wathyoka uwu, kumanja wathyoka uwo. Achemwali anasuzumira, anandiyang'ana, n'kubwerera kumbaula. Madzulo amenewo anandiikira nyama ziwiri.

Kumapeto kwa January ndinawaperekeza kuchipatala. Pamene ankadula chikhakha anandigwira dzanja mpaka linachita dzanzi. Mwendo unatuluka wowonda, wotuwa, khungu likusupuka, fungo lake losanena. Anauyang'ana, anagwedeza zala zonse zisanu, anaziwerenga mokweza.

Mu minibasi pobwerera ndinamuuza kuti tsopano ndikamuchotsa chikhakha mu gemu, ndimuveke nsapato ziwiri. Ndinali nditawerengera kale kuti mipando itatu ya chikhakha ija ikwanira kapu.

Anakumbatira foni pachifuwa. "Ayi Ankolo, musakhudzenso. Mungadule china."

Achemwali, maso ali pawindo, anangoti: "Nanga njinga ija?"